Mphepo ya Kuseri kwa Mpanda

Lachisanu, 20 Seputembala

Okondedwa Achimwene,

Lachiwiri lapitali, pa 17 Seputembala, pabwalo lathu loyanikira panali anthu asanu: Amayi, alamu anga akazi anu, a Chigamba owotcherera zitsulo oyandikana nafe aja, mayi woyang'anira zogona kusukulu ya anamwino amene timangowatchula a Makiyi, ndi ine. Ndayamba ndi kuwatchula kuti mukafuna mboni mudziwe owafunsa, chifukwa zimene ndikulembazi zina ndi zokoma, zina mwina mukwiya nazo.

Koma ndisanapite patali, tonse tili bwino. Diso la Amayi lasiya kutuluka misozi chilandirireni mankhwala odontheza. Ndipo ntchito yochapa ya kusukulu ija sinatichoke, yatsala m'manja mwathu. Ndanena zimenezi poyamba kuti zotsalazo muwerenge mtima uli m'malo.

Makalata anu onse anafika. Alipo asanu ndi atatu, kuyambira ya pa 6 Febuluwale mpaka ya pa 3 Seputembala, ndipo ndawasunga m'chitini chomwe timaikamo mabatani. Iliyonse imathera ndi funso limodzimodzi: "Kalaliki, mpanda wanga ukugwira ntchito?" Sindinayankhe ngakhale imodzi. Sitima yanu ikaima padoko inu n'kuimbira foni alamu, ine ndinkathamangira kumpope n'kutsegula madzi kwambiri kuti akuuzeni kuti ndatanganidwa. Sikunali kutanganidwa ayi. Ndinalibe yankho loti ndikupatseni popanda kunama kapena kukupwetekani mtima.

Mukukumbukira mmene zinayambira. A Makiyi anatipatsa ntchito mu Disembala: nsalu za pabedi 60, zoyera zokhazokha, Lachiwiri lililonse. Inu munali patchuthi, ndipo munati ntchito yaikulu chonchi siyanikidwa pa zingwe zolendewera zija. Munazika mizati khumi ndi iwiri, n'kukoka mawaya 6, kenaka n'kumanga mpanda wa malata khumi ndi anayi kumadzulo kwa bwalo, mbali ya kuphiri. Munatsiriza pa 12 Januwale, dzanja lamanzere litakulungidwa nsalu chifukwa lata lachisanu ndi chinayi linakuchekani.

Madzulo a tsiku limenelo munayala mapu anu a kusitima patebulo, n'kutsindira m'makona ndi makapu. Ndikukumbukira mawu anu onse. Munati dziko lili ngati munthu womanga lamba m'chiuno, ndipo palambapo ndi pamene dzuwa limawotcha kwambiri. Mpweya ukatentha umapepuka n'kukwera, ndiye wina wozizirirapo umathamangira pamenepo kudzatseka malo. Munatinso popeza dziko limazungulira, mpweya umenewo subwera molunjika, umabwera chopendekera kuchokera chakum'mawa. Munatiwonetsa timivi tating'onoting'ono tapamapupo, tonse titaloza njira imodzi.

"Choncho kum'mawa tisiye poyera kuti mphepo izilowa," munatero. "Kumadzulo titseke. Kumeneko sikuchokera kalikonse koma mbuzi."

Tonse tinaseka. Amayi anaika mapuwo m'galasi n'kuwapachika pamwamba pa wailesi, ndipo mpaka lero amawapukuta fumbi Loweruka lililonse.

Munanyamuka pa 20 Januwale. Mavuto anayamba mwezi wotsatira.

Achimwene, kum'mawa kwathu, kumunsi kuja, kuli depoti ya mabasi ndi chumuni cha ophika buledi. Zaka zonsezi tinkachapa zovala za anansi, zamitundumitundu, ndipo sitinaonepo kanthu. Nsalu yoyera sibisa. Ndinkayanika 9 koloko dzuwa likuwala bwino, ngati mmene Amayi anatiphunzitsira, koma poanula ndinkapeza timadontho takuda, tating'ono ngati mitu ya singano. Ukati upukute, kamafalikira. Unali mwaye.

A Makiyi anayamba kubweza nsalu. Mu Febuluwale anabweza 11, mu Malichi 19, mu Epulo 23, mu Meyi 26, mu Juni 31. Zonse pamodzi 110, ndipo iliyonse ndinaichapanso kachiwiri.

"Sutsukuluza bwino iwe," ankatero Amayi. "Ana a masiku ano manja ngati a chidole."

"Ndi sopoyu, Amayi," ankatero alamu. "Sopo wa masiku ano ndi thovu lokhalokha."

Ndinasintha sopo katatu. Ndinkatsukuluza kanayi m'malo mwa kawiri, mpaka zala zinang'ambika m'mfundo. Za mpanda palibe anaganizako, ngakhale ine.

Pa 2 Julayi a Makiyi anandiitanira m'chipinda chawo chosungira katundu. Anatambasula nsalu imodzi pazenera, makiyi awo akulira m'chiuno.

"Mayi," anatero, "ana angawa ndimawaphunzitsa kuti bedi la wodwala lisakhale ndi kadontho. Ndiye iwowo azigona pa nthenga za nkhanga?"

Ndinangoti pepani.

"Pepani ndamumva kuyambira Febuluwale. Ndinu munthu wofika pa nthawi, n'chifukwa chake ndapirira. Pa 17 Seputembala ndibwera ndekha kwanuko ndidzaone kuyambira kuyanika mpaka kuanula. Ndikadzapeza kadontho kamodzi, ntchito ipita kwa a makina m'tauni."

Mukudziwa tanthauzo lake. Amayi miyendo yawo singathenso kuyenda khomo ndi khomo kupempha zochapa, ndipo ntchito ya kusukuluyi ndi imene imayatsa moto m'nyumba muno. Tsiku limenelo ndinabwerera wapansi, basi ndinaiona koma sindinaikwere.

Patapita sabata, pa 9 Julayi, beseni lalikulu linabooka ndipo ndinapita nalo kwa a Chigamba cha m'ma 4 koloko. Ndinawapeza akuwotcherera mwendo wa bedi. Mwadzidzidzi anazimitsa, n'kunyamula benchi lawo lonse kuzungulira nalo mbali ina ya chitsulo.

"Bwanji, mwaona njoka?" ndinafunsa.

"Nthawi yakwana, a Kalaliki. Mphepo yatembenuka. Ndikakhala uku utsi wonse undilowa m'mphuno."

"Mphepo kuno imachokera kum'mawa," ndinatero. "Zili pamapu a achimwene."

Anakweza magalasi awo akuda aja pamphumi n'kundiyang'ana. "Mapuwo muwauze abwere adzakhale pabenchi pano 4 koloko, adzatsokomola okha. Ine wotchi ndilibe. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuweruka ndi mphepo imeneyi."

Ndinaima pamenepo beseni lili m'manja, ndipo ndinaimva ndithu kumaso, yozizirira, yochokera kuphiri. Ndinathamangira kunyumba, mayadi makumi atatu okha, n'kuima pakati pa bwalo lathu. Zii. Ngakhale tsitsi silinagwedezeke. Ndinazungulira kuseri kwa mpanda wanu, siketi inayamba kuuluka.

Mumandidziwa, chinthu sindichikhulupirira ndisanachilembe, n'chifukwa chake mumanditcha Kalaliki. Ndinang'amba pilokesi yakutha n'kupanga tinsanza 6. Ndinamanga kamodzi pageti, kena pampope, kena pawaya wapakati, kena kuseri kwa mpanda, kena pashedi ya a Chigamba, ndipo kotsiriza ndinakamanga kunsonga ya ndodo pamwamba pa denga. Ndinagula kope la masamba 80. Ola lililonse, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, ndinkazungulira n'kulemba kumene kansanza kalikonse kaloza. Ndinkalembanso kumene mitambo ikupita. Ndinachita zimenezi masiku 61, kuyambira pa 10 Julayi mpaka pa 8 Seputembala, osadumphitsa ngakhale Lamulungu.

"Amayi, bwerani mudzaone," ankatero alamu pazenera. "Alamu anga ayamba kuitana mayina a mphepo ngati aphunzitsi m'kalasi. Alamu, ya lero yabwera kapena yajomba?"

Zimene ndinapeza ndi izi. M'mawa kumakhala bata mpaka cha m'ma hafu pasiti 8. Kenaka mphepo imayamba kukwera kuchokera kutauni kulowera kuphiri, itasenza utsi wa mabasi ndi wa chumuni chija. Ikafika pabwalo pathu inkagunda mpanda wanu n'kuzungulira ngati madzi m'beseni, mwaye wonse n'kukhuthukira pansalu. Masana, mthunzi wa phiri ukangokhudza mpope wathu, sipapita mphindi khumi ndi zisanu, kansanza ka kuseri kwa mpanda kamatembenuka. Imabwera mphepo ina, yotsika m'phiri, youma, yonunkhira udzu ndi miyala, ndipo utsi wonse imaubwezera kwa eni ake. Koma imeneyo m'bwalo mwathu sinkalowa. Tinaitsekera kunja pamodzi ndi mbuzi.

Mwa masiku 61, inatembenuka masiku 49. Masiku 12 otsalawo mphepo yanu ya pamapu inatsika ndi mphamvu kuyambira m'mawa, kansanza ka padenga kataima chilili 7 koloko isanakwane, ndipo tsiku lonse sikunatembenuke kanthu.

Tsono mverani ichi, chifukwa ndi chimene ndikufuna musaiwale mukamakwiya. Mapu anu sanama. Masiku amene kunali mitambo analipo 44, ndipo masiku 41 mitamboyo inkapita kumene timivi tanu taloza, ngakhale nthawi imene pansi pano kansanza kankaloza kwina. Mphepo yanu ilipo, koma imayenda m'mwamba. Pansi pano phiri lili ndi malamulo ake.

Tsiku lina ndikusita ndinakweza maso kuyang'ana mapuwo, ndipo simbi inatsala pang'ono kupsereza nsalu. Ndinakumbukira lamba wa m'chiuno uja. Phiri lathu limayang'ana kum'mawa, dzuwa limayamba kuwotcha miyala yake tauni isanatenthe. Mpweya wa pamenepo umapepuka n'kukwera, wa kumunsi n'kuthamangira kudzatseka malo. Masana dzuwa likapita kuseri, miyala imazizira, mpweya umalemera n'kutsetsereka kubwerera kumunsi. Ndi phunziro lanu lomwe lija, Achimwene. Zimene dziko lonse limachita pamapu anu, phiri lathu limachita palokha, kupita ndi kubwera tsiku lililonse. Ine amene ndinalekeza sitandade 8 ndinazimvetsa ndekha, simbi ili m'manja, ndipo ndinaseka mpaka alamu anabwera kudzaona ngati ndapsa.

Pa 27 Ogasiti ndinachapa mapilokesi awiri m'madzi amodzi. Ina ndinaiyanika m'bwalo 9 koloko m'mawa, ina kuseri kwa mpanda 4 koloko masana. Madzulo ndinawapatsa Amayi. Maso awo paja savutikira timadontho, ndiye ananunkhiza.

"Iyi ikununkha buledi wopserera. Iyi ndiye yachapidwa."

Ndinawafotokozera zonse, kope lili pamiyendo. Anamvetsera mpaka pamene ndinatchula mpanda.

"Mpanda wa mwana wanga sukhudzidwa ine ndili moyo. Mnzako wazungulira dziko lonse lapansi. Iwe wazungulira mpope."

Apa tsono ndafika pa chimene ndakhala ndikuchizemba masamba onsewa. Lolemba pa 9 Seputembala, Amayi ndi alamu ananyamuka 7 koloko kupita kuchipatala cha maso. Atangokhota pangodya, ndinapita kukaitana a Chigamba. Achimwene, ndinagwetsa mpanda wanu. Palibe anandituma, ndipo a Chigamba musawaimbe mlandu, anandifunsa katatu ngati ndatsimikiza. Msomali woyamba ndinazula ndine.

Sindinataye kanthu. Misomali inalipo 112, inathyoka 9, ina yonse tinaiwongola. Malata khumi ndi atatu tinawasamutsira kum'mawa, kumene kumachokera utsi. Mizati yanu ndi mawaya sindinakhudze, chifukwa zinaima bwino kale. Mphepo yanu ndi yangayi zimadutsa msewu umodzi, ina popita ina pobwera. Za lata lakhumi ndi chinayi ndikuuzani kumapeto.

Amayi ndi alamu anabwerako 3 koloko. Amayi anaima pageti, diso lina lili ndi thonje, n'kuyang'ana phiri limene anali asanalione ali pabwalo kwa miyezi isanu ndi itatu. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatembenukira kwa alamu n'kunena kuti, "Muuzeni uyo andichotsere beseni panjira." Kuyambira pamenepo ndinasanduka "uyo". Mchere patebulo unkadutsira kwa alamu. Alamu nawo analira, anati pamenepo panagwera magazi a amuna awo, koma pafoni sanakuuzeni. Anati, "Mlandu wanu mukaunene ndi pakamwa panu."

Ndipo m'mawa mwake, Lachiwiri pa 10, tsiku lochapa, mphepo yanu ya pamapu inatsika. Inali ngati mwaituma. Kansanza ka padenga kanaima chilili tsiku lonse, utsi ukudutsa pamwamba pa malata, ndipo ya kuphiri sinabwere. Nsalu 60 ndinaziyanika m'nyumba, pamipando, pazitseko, mpaka pamwamba pa kabati. Amayi ankadutsa pakati pake ngati sakuziona. Zinauma Lachinayi. A Makiyi polandira anangogogoda chala pakalendala, pa 17.

Tsikulo ndinadzuka 5 koloko. Chinthu choyamba ndinayang'ana padenga. Pofika 7 koloko kansanza kanali kakulendewerabe ngati mchira wa ng'ombe yogona, ndipo ndinapuma. Ndinachapa mpaka 1 koloko, alamu akundithandiza kufinya osandiyang'ana. Tinaika nsalu zonse m'mabeseni asanu n'kuvindikira.

A Makiyi anafika mphindi zisanu itapitirira 2 koloko. Dzuwa linali phwee, mawaya onse ali mbee, opanda kanthu. Anayang'ana mawaya, anayang'ana mabeseni, anayang'ana ine.

"Mayi, mwaiwala kuti ndi lero?"

"Sindinaiwale. Ndikudikira mthunzi."

"Mthunzi? Dzuwa lonseli mukulitaya?"

Amayi anali atakhala pampando wawo pakhonde, atafulatira phiri dala. Analankhula ngati akuuza khoma. "Zaka makumi anayi ndikuchapa, sindinaonepo munthu wodikira mthunzi kuti ayanike. Koma ife okalamba tidziwa chiyani."

Ndinapempha a Makiyi mpango wawo wa m'manja, woyera. Ndinaunyowetsa n'kuupanira kunja kwa geti, kumene malata safika. Itakwana 3 koloko ndinawabwezera. Anauyandikiza kumaso, anawerenga timadontho ndi chikhadabo, anafika pa khumi ndi kamodzi n'kusiya. Kenaka anakhala pansi n'kulandira tiyi amene poyamba anamukana.

Mthunzi wa phiri unakhudza mpope nthawi ili 3:38. Ndinanena mokweza, ine amene mumati ndimalankhula ngati ndikupepesa: "Mphindi khumi ndi zisanu, ikhala itafika."

Inakwana 3:53. Zii. Inakwana 4 koloko. Kansanza ka pampope kali lende. Ndinatsegula kope ngati muli thandizo. Masiku 49 aja sinachedwepo chonchi. Ndinayamba kuganiza za malata, mmene ndidzawabwezerere pamalo pake inu musanabwere, ndi mmene ndidzayendere khomo ndi khomo ndi mtolo pamutu.

A Makiyi anaimirira n'kukutumula siketi. Makiyi analira.

"Mayi, ndakhala maola awiri ndikuyang'ana mabeseni."

A Chigamba, amene anabwera ati kudzabwereka tcheni koma sanachoke, analumphira kutsogolo. "Amayi, kiyi wachitatuyo wapindika. Amavuta potsegula, eti? Tabweretsani ndimuwongole, ndi ulere."

"Bambo, kiyi ameneyu anabadwa choncho."

"Nanenso ndinabadwa choncho, koma anthu sanataye mtima."

A Makiyi anaseka pang'ono osafuna, ndipo anayamba kuvula kiyiyo pamkombero. Ndikuganiza kuti anachedwa dala, koma umboni ndilibe.

Nthawi ili 4:07 ndinaona dzanja la Amayi likukwera kukagwira kukhosi, kumbuyo, pamene panafulatira phiri. Kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana ine mwini, koyamba m'masiku asanu ndi atatu.

"Yafika," anatero. "Iwe, waimiranji ngati mzati? Zopanira zili kuti?"

Achimwene, mukanaona! Tinsanza tonse tinadzuka pamodzi n'kuloza kutauni. Amayi anaiwala miyendo yawo. Alamu anathamanga ndi beseni lija limafuna anthu awiri. A Chigamba anadzaza zopanira m'kamwa n'kumayanika mokhotakhota, Amayi akuwakalipira kuti nsalu si chitseko cha galimoto. Ngakhale a Makiyi anaika makiyi awo pampando n'kugwira nsonga ya nsalu. Zonse 60 zinakwera pamawaya m'mphindi 19.

Ndiyeno zinafufuma. Mizere yonse 6 inadzaza mphepo n'kumawomba phu, phu, zoyera kuti mbuu mumthunzi wa phiri, ngati matanga a ngalawa yojambulidwa pakona ya mapu anu ija. Kumunsi tinkaona utsi wa chumuni utawerama kuloza kwina. Alamu anaima pakati pa mizere manja ali m'mwamba n'kukuwa kuti, "Sitima ya amuna anga yafika pakhomo!" Anthu odutsa mumsewu anaima pageti kudzaonerera anthu akuluakulu akuseka ndi nsalu.

Yoyamba inauma 5:20, yotsiriza 6:05. A Makiyi anaziona imodziimodzi, kutsogolo ndi kuseri, ine ndikuwerenga. Pa nsalu ya nambala 44 anaima. Panali kadontho kakuda pafupi ndi mpendero. Anayandikiza chala kuti akhudze, kadonthoko kanayamba kuyenda, kenaka kanauluka.

"Kameneko si ka kwathu," anatero alamu. "Kabwera nanu pabasi."

Atamaliza ya 60 anaipinda okha, anaika nkhope yawo m'menemo n'kupuma mpweya wautali.

"Kuyambira Okutobala muzitenganso mapilokesi ndi makatani," anatero. "Tsiku limene mphepo yanuyi yajomba, muzinditumizira uthenga m'mawa, ndidzadikira mpaka Lachinayi. Koma tandiuzani, zimenezi anakuphunzitsani ndani?"

Ndinati, "Achimwene anga a kusitima." Sindinanene pofuna kukusangalatsani, poti simunalipo. Ndinanena chifukwa ndi zoona.

"Ndinkadziwa ine," anatero Amayi, akutola zopanira. "Mwana wanga uja mutu wake ndi wina." Alamu anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, tonse tikudziletsa kuseka. Koma alendo atapita, Amayi anandiitana pakhonde. Anatenga botolo lawo la mafuta lija salola munthu kulikhudza, n'kuyamba kundidzoza zala chimodzichimodzi, m'ming'alu monse. Dzulo ndinawapeza atatsegula kope langa, akuliyang'ana ndi diso labwinolo, ndipo analipukuta fumbi n'kuliika pamwamba pa wailesi, pansi pa mapu anu.

Tsopano za lata lakhumi ndi chinayi. Ndi lija munajambulapo muvi waukulu ndi penti wofiira kuti tisamaiwale kumene mphepo imapita. Pampanda watsopano silikanakhala, muviwo ukanaloza kolakwika. A Chigamba anazika timizati tinayi pafupi ndi mpope, ndipo tinalifolera pamenepo kuti mabeseni azikhala pamthunzi. Muviwo uli pamwamba, wayang'ana kumwamba, ndipo ndinauika molunjika kumene mitambo imapita. Ife pansi sitiuona, koma ukunena zoona kwa amene akuuona.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, mundikhululukire, osati chifukwa zinayenda bwino, koma chifukwa ndinagwetsa ntchito ya manja anu inu kulibe ndipo ndinakubisirani miyezi yonseyi. Dzanja lanu lija ndimalikumbukira ndikamadutsa pa lata lachisanu ndi chinayi, lili pafupi ndi geti tsopano. Chachiwiri, munanena kuti palamba wa dziko penipeni, pamene mpweya umakwera, nyanja imatha kukhala bata masiku ambiri. Mukadzadutsapo mudzamange kansanza pachitsulo cha sitima, mudzandilembere tsiku, nthawi, ndi kumene kaloza. M'kope mwanga mwatsala masamba 14, ndakusungirani.

Amayi akupereka moni, ati muzivala juzi mukakhala pamwamba pa sitima, ndipo ati mpanda wanu ukuoneka bwino kwambiri kumene uli. Alamu akupereka moni, ati zawo alemba okha, ndipo chilichonse chimene angakuuzeni chokhudza ine ndi a Chigamba musachimvere, munthuyo amangobwera kudzabwereka tcheni. A Chigamba nawonso akupereka moni, ati misomali yanu munakhoma ngati mukukhomera mdani.

Pamene ndikulemba pano mthunzi watsala pang'ono kufika pampope, ndipo ndili ndi makatani a anansi m'beseni, ndiye ndilekeze. Funso lanu lija ndikuyankha tsopano: inde, Achimwene, mpanda wanu ukugwira ntchito. Mulungu akusungeni pamadzipo mpaka mudzaime nafe pabwalo pano 4 koloko, mudzaimve nokha kukhosi.

Ine mlongo wanu wokukondani,
Kalaliki

Makalata amene munandilembera ndi asanu ndi atatu. Ndayankha imodzi, ino. Atsala asanu ndi awiri.